Kucepetsa Kusokonezana kwa Olankhula pa Mafunde a Spread Spectrum

1. Mau Oyamba

M'nkhani ino tifuna kufotokoza m'mene cipangizo colandira mafunde a wailesi cimamvera uthenga wa munthu mmodzi pamene ambiri akutumiza mauthenga ao pa mafunde amodzimodzi, pa nthawi imodzi. Aphunzitsi a zinenero adzaona kuti nkhaniyi si yacilendo. Pamsika pamene anthu akulankhula Cinyanja, Cibemba ndi Citonga, khutu limatola cinenero cimene likudziwa, ndipo zinazo zimamveka ngati phokoso cabe. Koma phokosolo likakula, ngakhale cinenero cathu cimene sitingacimve.

2. Kumwaza Uthenga

M'njira ya spread spectrum uthenga umamwazidwa pa mafunde otambalala kuposa amene ukanafunika. Foni iriyonse imapatsidwa mndandanda wace wa manambala, umene akatswiri amaucha code, ndipo ife tiucha mfungulo. M'dongosolo la IS-95, limene linacokera ku kampani ya Qualcomm ya ku San Diego ndipo linavomerezedwa m'caka ca 1993, tizidutswa 1,228,800 ta mfungulo tinali kutumizidwa pa sekondi, pamene uthenga unali wa mabiti 9,600 pa sekondi. Cotero biti iriyonse inali kumwazidwa pa tizidutswa 128. Colandira cikagwiritsa nchito mfungulo yoyenera, uthenga wofunikawo umasonkhana ndi kuonekera, koma ya ena imakhalabe yomwazika.

3. Gwero la Vuto

Mfungulo sizilekanitsa mauthenga kotheratu. Pocokera ku mlongoti kupita ku mafoni, IS-95 inali ndi mfungulo 64 za Walsh, zimene sizilowerana konse zikayambira pamodzi. Koma pocokera ku mafoni kupita ku mlongoti, mauthenga amafika pa nthawi zosiyana, ndiponso amayamba aomba pa nyumba ndi mapiri. Motero foni iriyonse imasiya kaphokoso m'uthenga wa inzace, ndipo mafoni akacuruka, mlongoti umalephera kulandira ena.

Vutoli limakula cifukwa ca mtunda. Pamalo opanda cochinga, foni ya pa mamita 100 imamveka mwamphamvu kowirikiza 100 kuposa ya pa kilomita imodzi. M'tauni kusiyanaku kungafike pa 10,000. Wapafupi amameza mau a wakutali.

4. Njira Zocepetsera Vutoli

Njira yoyamba ndiyo kusankha mfungulo zosafanana kwambiri. M'caka ca 1967 Robert Gold anaonetsa kapangidwe ka mfungulo zotere, ndipo masetilaiti a GPS amagwiritsa nchito mfungulo zace za tizidutswa 1,023.

Njira yaciwiri ndiyo kulinganiza mphamvu. Mu IS-95 mlongoti unali kulamula foni iriyonse, maulendo 800 pa sekondi, kuti ikweze kapena kutsitsa mphamvu yace, kuti mafoni onse amveke mofanana.

Njira ziwirizi zimaona mauthenga a ena ngati phokoso wamba. Sergio Verdú, m'zimene anasindikiza m'caka ca 1986, anatsutsa ganizo limeneli. Mlongoti umadziwa mfungulo za mafoni onse. Cotero phokosolo liri ndi dongosolo, ndipo ukhoza kumasulira mauthenga onse pamodzi. Iye anaonetsa kuti colandira cotere sicigonja kwa wapafupi wamphamvu. Cobvuta cace ndi kucuruka kwa masamu, popeza munthu aliyense woonjezera amawirikiza kawiri mayankho oyenera kuyesedwa: anthu 10 amafuna mayankho 1,024, koma anthu 30 amafuna oposa biliyoni imodzi.

Cifukwa ca ici akatswiri anafuna njira zopepuka. M'caka ca 1989 Ruxandra Lupas ndi Verdú anafotokoza colandira cimene cimacotsa kulowerana kwa mfungulo mwa masamu, ngakhale kuti potero cimakulitsa phokoso lacibadwa la m'zipangizo. Njira ina ndiyo kucotsa mmodzimmodzi: colandira cimamasulira uthenga wamphamvu koposa, cimaupanganso, cimaucotsa pa zonse zimene calandira, kenaka cimapita kwa wotsatira. Ngozi yace ndi yakuti cikalakwitsa pa woyamba, colakwaco cimalowa mwa onse otsatira. M'caka ca 1990 Mahesh Varanasi ndi Behnaam Aazhang anapereka njira yocotsera onse pa nthawi imodzi, mobwereza, kuti ulendo uliwonse ukonze zolakwa za ulendo wapitawo.

5. Mau Omaliza

Mafoni a 4G ndi 5G amagawa mafunde m'njira ina, yochedwa OFDMA, ndipo kampani ya Verizon ya ku America inatseka dongosolo lace la CDMA kumapeto kwa caka ca 2022. Komabe masetilaiti a GPS ndi Galileo akali kulekanitsidwa ndi mfungulo, ndipo luso locotsa uthenga wa wina likugwiritsidwabe nchito m'zolandira za tinyanga tambiri. Taona kuti colandira cimene cimadziwa mfungulo za onse cimamva bwino kuposa cimene cimadziwa imodzi yokha, monga munthu wodziwa zinenero zonse zitatu za pamsika amatha kusiyanitsa mau a mnzace ndi a ena.