Laputopu pamchenga, likodzo m'madzi: zoti mudziwe mwana wanu akasamukira ku Nkopola

Mwana wanu akabwera ndi nkhani yoti iye ndi anzake asonkherana ndalama kuti achite lendi nyumba m'mbali mwa nyanja ku Nkopola kwa mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo ntchito azikagwirira komweko pa kompyuta, musafulumire kuganiza kuti wachotsedwa ntchito. Kagwiridwe ka ntchito kotere kanafala kwambiri m'nthawi ya Covid-19. Mu 2020 chilumba cha Barbados chidayamba kupereka chilolezo choti mlendo akhale chaka chathunthu akugwirira ntchito kampani ya kwawo pa intaneti. Mu 2021 mudzi wa Ponta do Sol pa chilumba cha Madeira udayamba kulandira anthu a mtunduwu mwadongosolo. Ku Bali ndi ku zilumba za Canary kuli nyumba zomwe anthu osadziwana amakhalira limodzi, khitchini imodzi, tebulo limodzi logwirira ntchito, ndipo akaweruka amanyamula thabwa n'kupita kukatsetsereka nalo pamafunde.

Kwathu kuno malo oti munthu angachite zofananako ndi gombe la pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, komwe kuli Nkopola, Makokola ndi makoteji ambirimbiri, mpaka ku Cape Maclear. Netiweki ya mafoni ilipo, Starlink idafika m'dziko muno mu 2023, ndipo chilumba cha Boadzulu chimaonekera chapatali ngati pa chithunzi cha kalendala. Koma pali kusiyana kumodzi komwe zithunzi za pa Instagram sizionetsa. Anzathu a ku Bali ndi Madeira amasewera m'madzi amchere, momwe nkhono zofalitsa likodzo sizikhalamo. Madzi a nyanja yathu si amchere, ndipo nkhonozo zilimo.

Ambiri timadziwa likodzo ngati matenda okodza magazi, koma ndi ochepa amene amadziwa njira yake. Munthu wodwala akakodza m'madzi, amatulutsa mazira a nyongolotsi. Mazirawo amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timafunafuna nkhono. M'kati mwa nkhono timachulukana kwa masabata angapo, kenako timatuluka m'magulumagulu, makamaka dzuwa likakwera, cha m'ma 10 koloko mpaka masana, nthawi yomwe munthu wotopa ndi kompyuta amafuna kudziponya m'madzi. Tizilomboto sitioneka ndi maso. Timaboola khungu la bwinobwino m'mphindi zochepa, popanda bala, ndipo munthu safunika kumwa madziwo kapena kusambira. Kuima m'madzi ofika m'mawondo pokankha bwato kapena thabwa n'kokwanira. Tikalowa timakakulira m'mitsempha ya magazi, kenako yaimuna ndi yaikazi zimakumbatirana n'kukakhala pafupi ndi chikhodzodzo kapena matumbo, kumene zimaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu mpaka zisanu, nthawi zina kupitirira apo. Chomwe chimawononga thupi ndi mazira amene akanirira m'minofu.

Kale anthu ankati bola kupewa malo a bango ndi zomera, pamchenga woyera palibe vuto. Mfundoyi inali ndi choonadi chake pomwe nkhono yodziwika inali ya mtundu wa Bulinus globosus, yomwe imakonda madzi odekha a m'madambo ndi m'matsiriro a mitsinje. Koma akatswiri Jay Stauffer ndi Henry Madsen, omwe adachita kafukufuku kwa zaka zambiri ku Cape Maclear, adapeza kuti nkhono ina, Bulinus nyassanus, imakhala pansi pamchenga wa gombe loyera lomwelo ndipo imafalitsanso likodzo. Iwo adaonetsanso kuti nkhonoyi idachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Ndiye mukaona neti ya udzudzu ikukokedwa m'mphepete mwa nyanja n'kukokolola tiana ta nsomba, dziwani kuti banjalo lataya chitetezo cha malungo komanso lathandiza nkhono kuswana.

Alendo akhala akutenga matendawa kwa nthawi yaitali. Mu 1992 anthu awiri ongodzipereka a bungwe la Peace Corps adadwala likodzo lomwe lidakhudza ubongo ndi msana atasambira ku Cape Maclear. Kafukufuku yemwe adatsatira, wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 1996, adayeza magazi a alendo okhala m'Malawi oposa 900 ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adapezeka kuti adalowedwapo ndi tizilomboti.

Chatsopano, chomwe inu odzipereka pa zaumoyo muyenera kuchisunga m'mutu, n'chakuti kumapeto kwa 2017 akatswiri adapeza nkhono ya mtundu wa Biomphalaria pfeifferi m'magombe a boma la Mangochi, komwe kale sinkadziwika. Iyi imafalitsa likodzo la m'matumbo. Atayeza ana a m'masukulu angapo a pulaimale a m'mbali mwa nyanja mu 2018, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse adapezeka nalo. Likodzo la m'matumbo silikodzetsa magazi. Limabwera ndi kupweteka kwa m'mimba, kutsegula m'mimba kwa apo ndi apo, magazi m'chimbudzi, ndipo likakhalitsa limaumitsa chiwindi ndi kutupitsa kapamba mpaka munthu kusanza magazi. Choncho funso lakale loti "kodi ukukodza magazi?" silikukwaniranso ku Mangochi.

Mwana wokulira m'tauni, yemwe thupi lake silinakumanepo ndi tizilomboti, amadwala mosiyana ndi mwana wa msodzi. Tsiku lomwelo akhoza kumva kuyabwa ndi kutuluka tiziphuphu pomwe madzi adakhudza, n'kumaganiza kuti ndi dzuwa kapena sopo. Patatha masabata awiri mpaka asanu ndi atatu, atabwerera kale ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amayamba kutentha thupi, kutsokomola kouma, kuphwanya m'thupi, zidzolo ndi kutopa kosaneneka. Akapita kuchipatala amamuyeza malungo, sapezeka. Ena amamwa mankhwala a typhoid, ena amagula maantibayotiki kangapo. Ife a kuchipatala sitilosera, ndipo pamzere wa odwala 80 si nthawi zonse pomwe timakumbukira kufunsa za ulendo. Muuzeni mwana wanu kuti akangokhala pampando anene yekha kuti adali kunyanja, ndi mwezi womwe adaliko.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amagwira ntchito bwino, koma pali cholakwika chomwe chafala kwambiri pakati pa alendo a kunyanja. Munthu amagula mapiritsi tsiku lonyamuka, kumwa ali m'galimoto, n'kumati wathana nazo. Praziquantel amapha nyongolotsi zazikulu, zazing'ono zomwe zangolowa kumene sazipha. Womwa tsiku lochoka kunyanja wangotaya ndalama, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mtima wake wakhala pansi pomwe nyongolotsi zikukula. Ayenera kudikira masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kuchokera tsiku lomaliza kukhudza madziwo, pokhapokha ngati wadwala, pamene ayenera kuonedwa ndi dokotala msanga. Mlingo wake umatengera sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, ndiye munthu wolemera makilogalamu 60 amamwa anayi nthawi imodzi. Amwe atadya nsima kapena phala lokwanira, chifukwa pamimba yopanda kanthu mankhwalawa amachititsa nseru ndi chizungulire. Ngati akukayezetsa mkodzo, wabwino ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka madontho omaliza, ndipo mazira amatha kuchedwa kuoneka mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Mankhwalawa si katemera. Akabwereranso m'madzi, atenganso.

Kwa atsikana ndi amayi pali mbali ina yomwe imasweka nayo mitima ndi mabanja. Mazira amatha kukanirira m'njira ya chiberekero ndi pakhomo pake, n'kuyambitsa chikazi chachilendo, kuyabwa, kupweteka pogonana, kutaya magazi pambuyo pake, ngakhalenso kuvutika kutenga pakati. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo mtsikana yemwe wangobwera kuchokera ku nyumba yogona anyamata ndi atsikana pamodzi amaweruzidwa asanayezedwe n'komwe. Inu makolo, musathamangire kumunyoza. Mupite naye kuchipatala ndipo mutchule za nyanja. Zilonda zomwe mazirawa amasiya zimapangitsanso kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Abambo nawo sapulumuka. Dr Sekeleghe Kayuni, dokotala wa ku Malawi konkuno, adachita kafukufuku pakati pa asodzi a m'boma la Mangochi ndipo adapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo.

Tsono funso loyamba kwa mwini nyumba, asanakambe za liwiro la intaneti, likhale lakuti madzi a m'bafa amachokera kuti. Nyumba zina za m'mbali mwa nyanja zimapopa madzi m'nyanja molunjika kupita mu thanki. Ngati madziwo alowa lero n'kusambidwa lero, munthu atha kutenga likodzo mu shawa asanaponde n'komwe pagombe. Tizilomboti sitikhala moyo kupitirira masiku awiri kunja kwa nkhono, choncho madzi omwe akhala mu thanki kapena mu ndowa maola 48, momwe mulibe nkhono, ndi abwino kusamba. Kuwatenthetsa mpaka atenthe kwambiri n'kuwasiya azizire kumathandizanso, chimodzimodzi kuthira klorini. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo mukatuluka m'madzi n'kwabwino, koma musakudalire.

Madzi akumwa ndi nkhani ina. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Mu 2024 nyanja idakwera n'kumiza mipanda, nyumba ndi zimbudzi m'magombe ambiri a bomali. Anthu asanu ndi atatu akamamwa pa chigubu chimodzi ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, mmodzi akatsegula m'mimba onse ali pangozi. M'nyumbamo mukhale WaterGuard, sopo pakhomo la chimbudzi ndi mapaketi a Thanzi.

Za malungo sindichulutsa mawu chifukwa mukuzidziwa, koma anthu ogwira ntchito pa intaneti ali ndi vuto lawolawo. Amene bwana wake ali ku America amakhala pakhonde ndi laputopu mpaka pakati pa usiku, atavala kabudula chifukwa cha kutentha, nthawi yomwe udzudzu wa malungo umaluma. Neti ili pabedi siyimuteteza pakhonde. Ndipo mwana wanu amene wakhala zaka ku Johannesburg kapena ku London adataya kale chitetezo chomwe adali nacho ali wamng'ono, ndiye malungo akamugwira amamugwetsa ngati mlendo. Akatentha thupi ayezetse tsiku lomwelo, asagawane LA wotsala wa mnzake.

Mafunde enieni a nyanja yathu amabwera ndi mphepo ya mwera m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo ndiwo amakopa ofuna kusewera ndi thabwa kapena kayaki. Asodzi omwe adabadwira pamadzi amakoka mabwato awo mwera ukakula, ndiye mlendo amene akuona mabwato ali pamtunda afunse chifukwa chake. Munthu amayandama movutikirapo m'madzi opanda mchere kusiyana ndi m'nyanja yamchere, mfundo yomwe ozolowera ku Durban amaiwala. Chipatala cha Billy Riordan cha m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear chidamangidwa ndi mayi wa ku Ireland pokumbukira mwana wake yemwe adamira komweko mu 1999. Jekete yoyandamitsa ivalidwe, mowa ndi madzi zisasakanizidwe, ndipo kusambira usiku kapena m'bandakucha pafupi ndi bango kusiyidwe, chifukwa chakummwera kuno, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Shire umayambira, ng'ona ndi mvuu zilipo. Tsiku lofika adziwiretu njira ya ku Koche, ku Monkey Bay ndi ku chipatala chachikulu cha Mangochi, komanso akhale ndi nambala ya munthu wa galimoto kapena njinga yamoto amene angadzuke usiku.

Mlendo akadwala amakwera galimoto n'kukalandira thandizo m'tauni. Mayi amene amamuchapira zovala m'nyanja, mnyamata womupalasira bwato ndi ana omwe amasambira pambali pa mpanda wa kotejiyo amakhala m'madzi omwewo chaka chonse. Apa ndi pomwe inu odzipereka muli ndi mphamvu kuposa ife a m'chipinda choyezera. Nyumba yomwe ili ndi bafa la matailosi koma alonda ndi ogwira ntchito m'munda alibe chimbudzi ikudyetsa nkhono za pagombe lake lomwe, ndipo mfundoyi mwini nyumba amaimva msanga mukamuuza kuti alendo ake ndiwo adzadwale. Nthawi yogawa praziquantel m'sukulu ikafika, kumbutsani makolo kuti ana adye asanapite, ndipo musaiwale ana osiya sukulu omwe amakhala kudoko, chifukwa ndiwo amakhalitsa m'madzi. Malangizo a bungwe la World Health Organization a 2022 amati m'madera momwe matendawa ndi ofala, mankhwala aperekedwe kuyambira kwa ana a zaka ziwiri, akuluakulu, amayi oyamwitsa ndi oyembekezera omwe adutsa miyezi itatu yoyamba. Za ana aang'ono chonchi funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuuzeni komwe angakayezedwe sikelo ndi kulandira mlingo woyenera, osati kuwabenthulira piritsi la mkulu wawo.