Makhodi a injini pa makina akuluakulu omangira: amawerengedwa bwanji, nanga amasocheretsa bwanji?

Ekisikaveta kapena giledala yamakono ikayatsa nyali yochenjeza n'kuonetsa manambala pa sikirini, ntchito ya anthu ambiri imaima. Malole odikira dothi amangondanda, kontilakita amalipira maola osagwiridwa ntchito, ndipo aliyense amayang'ana kwa makaniko. Izi zimachitika m'migodi ya malasha ya ku Moatize m'chigawo cha Tete, m'migodi ya kopa ku Zambia, pa ntchito za misewu ku Malawi komanso m'malo a zomangamanga ku Gauteng, kumene olankhula Chichewa ambiri amayendetsa ndi kukonza makinawa.

Pa nthawi yotere ndalama zambiri zimaonongeka chifukwa cha ganizo limodzi lolakwika, lakuti khodi yatchula kale chipangizo chimene chafa. Khodi imangoloza dera limene kompyuta yaonako zachilendo. Chimene chayambitsa vutolo chimafunika kuchifufuza.

Khodi imachokera kuti?

Injini ya dizilo ya masiku ano imalamulidwa ndi kompyuta yotchedwa ECM. Kompyutayi imalandira uthenga kuchokera ku masensa, tizipangizo toyeza kutentha kwa madzi, pulesha ya oyilo, liwiro la injini, mpweya wochokera ku turbo ndi pulesha ya dizilo. Masensa ambiri a pulesha ali ndi mawaya atatu. Woyamba amabweretsa mavolti 5, wachiwiri ndi wa earth, ndipo wachitatu amabweza uthenga, kawirikawiri wa pakati pa mavolti 0.5 ndi 4.5.

Kompyuta siona oyilo kapena madzi, imangoona mavoltiwo. Motero waya woduka, pulagi yolowa madzi, sensa yakufa ndi injini imene yasowadi oyilo, zonsezi zimafika kwa iyo ngati kusintha kwa magetsi pa waya mmodzi.

Manambala awiri

Makampani ambiri opanga injini zazikulu amatsata dongosolo la J1939, lokonzedwa ndi bungwe la mainjiniya la SAE ku United States. M'dongosololi khodi ili ndi mbali ziwiri. Nambala ya SPN imatchula chinthu choyezedwa: 100 ndi pulesha ya oyilo, 110 ndi kutentha kwa madzi, 102 ndi pulesha ya mpweya wolowa mu injini, 157 ndi pulesha ya dizilo wopita ku ma injector, ndipo 190 ndi liwiro la injini. Nambala ya FMI imatchula mtundu wa vutolo: 0 ndi muyeso wokwera moopsa, 1 ndi wotsika moopsa, 2 ndi uthenga wodukaduka kapena wosamveka, 3 ndi mavolti opitirira malire, 4 ndi mavolti ochepera malire, ndipo 5 ndi njira ya magetsi yoduka.

Makina ambiri a Caterpillar amaonetsa MID, CID ndi FMI, ndipo amasiyanitsa makhodi a magetsi ndi makhodi a zochitika mu injini, amene amayamba ndi E. Mwachitsanzo, E360 ndi kutsika kwa pulesha ya oyilo, pamene E361 ndi kutentha kwambiri kwa madzi.

Nambala yachiwiri ija, imene oyendetsa ambiri amaiwala kulemba, ndiyo imatsimikiza chochita. SPN 100 FMI 3 kapena FMI 4 imatanthauza kuti kompyuta yakana kukhulupirira uthengawo, choncho kufufuza kumayambira pa mawaya ndi sensa. SPN 100 FMI 1 imatanthauza kuti uthengawo ndi wodalirika ndipo oyilo alibedi mphamvu. Apa injini iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo, oyilo aonedwe, kenaka pulesha iyezedwe ndi geji yamanja. Kupitiriza ntchito poganiza kuti sensa ikunama kukhoza kuononga mabeyaringi ndi crankshaft m'mphindi zochepa, ndipo mtengo wokonzanso injini yonse sungayerekezedwe ndi wa sensa.

Ndondomeko ya kafukufuku

Choyamba ndi kulemba khodi yonse isanafufutidwe, pamodzi ndi maola a injini ndi kangati khodiyo yabwera. Kompyuta imasiyanitsa khodi imene ilipo tsopano ndi imene inabwera n'kutha yokha. Khodi yobwera n'kumatha makina akamagwedezeka nthawi zambiri imachokera ku waya wonyulika kapena pini yokhwefuka.

Chachiwiri ndi mabatire. Makina ambiri akuluakulu amayendera mavolti 24, ndipo injini ikamalira muyeso umayenera kukwera kufika pafupifupi 28. Magetsi ofooka amabala makhodi ambirimbiri osagwirizana.

Chachitatu ndi kuona ndi maso. Fumbi, dzimbiri, kutentha kwa ekizosi, madzi otsukira makina mwamphamvu ndiponso makoswe zimaononga mawaya ndi mapulagi kuposa mmene zimaonongera masensa.

Kenaka pamabwera multimeter. Makaniko amazula pulagi ya sensa, kiyi ili yoyatsa, n'kuyeza ngati mavolti 5 akufika. Ngati khodi isintha sensa ikazulidwa, n'kusinthanso waya wa uthenga akalumikizidwa mwadala motsata buku la wopanga makinawo, ndiye kuti kompyuta ndi mawaya zili bwino, ndipo apa mpamene sensa ingaimbidwe mlandu.

Masensa atatu kapena anayi akadandaula nthawi imodzi, n'zokayikitsa kuti onse afera limodzi. Kawirikawiri amagawana waya mmodzi wa mavolti 5, ndipo sensa imodzi yopanga shoti imagwetsa anzake onse. Pa makina a Caterpillar vutoli limaoneka ngati CID 262. Kuzula masensawo imodziimodzi mpaka magetsi atabwerera kumaonetsa yolakwayo.

Makompyuta a injini, a giya ndi a hydraulic akasiya kumvana, amayezedwa mawaya awiri a CAN, njira yolumikizirana imene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986. Batire itachotsedwa, pakati pa mawayawa payenera kupezeka ma ohm 60. Pakapezeka 120, ndiye kuti waya waduka penapake kapena imodzi mwa ma resistor awiri a kumapeto yasowa.

Makina ogulidwa kunja

Makina ogwiritsidwapo ntchito ochokera ku Ulaya ndi ku America amabwera ndi vuto lina. Malamulo ochepetsa utsi, a Tier 4 Final amene anayamba mu 2014 ndi a Stage V amene anayamba mu 2019, anachititsa kuti injini zikhale ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, masensa a NOx ndi thanki ya AdBlue, madzi okhala ndi urea wokwana 32.5 peresenti. Injinizi zinapangidwira dizilo wa sulphur wosapitirira 10 kapena 15 ppm. Zikamwa dizilo wa sulphur wochuluka, kapena AdBlue wosungunulidwa ndi madzi wamba, khodi imaloza dera la utsi ndipo kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini. Sensa yatsopano imabweretsa khodi yomweyo, chifukwa gwero la vutolo lili m'thanki.

Mapulogalamu ozama monga Cat ET ndi INSITE ya Cummins ndi olipira, ndipo makontilakita ang'onoang'ono ogwira ntchito kutali ndi mizinda sawapeza msanga. Komabe mbali yaikulu ya kafukufukuyu imatheka ndi multimeter, geji yamanja ndi chithunzi cha kayendedwe ka mawaya. Woyendetsa makina nayenso ali ndi gawo lake: kujambula sikirini ndi foni, manambala onse awiri akuoneka, ndi kufotokoza zimene makinawo ankachita pamene nyali inayaka. Uthenga umenewu umathandiza makaniko kudziwiratu zida zoti anyamule, komanso kulamula ngati injini iyenera kuzimitsidwa iye asanafike.