"Kodi Makolo Anu Ali Moyo?": Mafunso a pa Fomu ya Ngongole ya Ophunzira

Maina a ana osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'nyumba zambiri za ku Chibavi, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuŵa mumamveka nthungululu. Koma chimwemwe chimenechi sichikhalitsa. Kukamacha, atate ndi amayi amakhala atayamba kale kuŵerengera fizi, lendi ya kachipinda kogonamo mwanayo, chakudya ndi mabuku, ndipo kaŵirikaŵiri zonsezi pamodzi zimaposa ndalama zimene banjalo limapeza chaka chathunthu. Apa ndi pamene ambiri a ife timayamba kufunsa za ngongole ya Boma, ndipo timakumana ndi fomu yofunsa zinthu zimene pa mwambo wathu sitifunsana pagulu. Kodi makolo anu ali moyo? Amagwira ntchito yanji? Anakulipirirani fizi ku sekondale ndani?

Akuluakulu amene anaphunzira ku Chancellor College kapena ku Bunda m'zaka za m'ma 1970 sanaione fomu yotere. Yunivesite ya Malaŵi itatsegulidwa m'chaka cha 1965, ophunzira anali oŵerengeka ndipo Boma linkasenza katundu yense. Kuyambira 1985 ophunzira anayamba kusonkhako ndalama, ndipo amene analibe ankalembedwa ngongole. Kenaka sukulu zinachuluka. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zinali za sukulu ya aphunzitsi, ndipo Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake mu 2003. Pomwe ofuna chithandizo anachuluka chotero, m'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Ntchito yake ndiyo kukongoza ophunzira osoŵa, kupereka mphatso kwa ochita bwino koposa, ndi kutolera ngongole zakale. Ndalama zimene limalandira sizikwanira onse opempha. Chifukwa chake liyenera kusankha, ndipo limasankha poŵerenga mayankho athu.

Mafunso oyamba ndi a khomo loloŵera. Wopempha akhale nzika ya Malaŵi, ndipo umboni wake ndi chiphaso cha unzika chimene bungwe la kalembera la NRB lakhala likupereka kuyambira pa kalembera wamkulu wa 2017, kwa aliyense wa zaka 16 kapena kuposa. Pano tichenjeze makolo za chinthu chooneka chaching'ono. Dzina la pa chiphaso lifanane ndi dzina la pa satifiketi ya MSCE ndi la pa kalata yoitanira mwanayo ku sukulu. Tikudziŵa tonse kuti kwathu kuno mwana amatha kulembetsa sukulu ndi dzina la agogo kapena la atate aang'ono amene akumulera, ndipo ena anasintha dzina pobwereza Sitandade 8. Kwa ife nkhani yotere ndi yomveka, koma kwa mlembi amene sanamuonepo mwanayo, maina aŵiri ndiye kuti anthu aŵiri. Kukonza dzina kumatenga nthaŵi, tsono kuyambike mwana akangolemba mayeso, osadikira kuti mafomu atuluke.

Chachiŵiri, sukulu imene mwana waitanidwako ikhale yovomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011. Bungweli limayendera sukulu payokha ndiponso maphunziro ake amodziamodzi, kotero kuti sukulu ikhoza kukhala yovomerezedwa pamene maphunziro ena a pa sukulu yomweyo sanavomerezedwe. Mu mzinda wathu muno zikwangwani za makoleji zachuluka. Musanagulitse ng'ombe kuti mulipire teremu yoyamba, funsani kaye za maphunziro enieniwo amene mwana akukatenga. Ophunzira a m'mayunivesite oyima paokha, monga ya Livingstonia, nawonso amaloledwa kupempha, koma popeza fizi zake ndi zokwererapo, banja lisaganize kuti ngongoleyo idzamaliza zonse.

Tsono tifike pa mafunso ovuta, ofuna kudziŵa ngati banja ndi losoŵadi. Fomu imasintha pang'ono chaka ndi chaka, ndipo masiku ano imadzazidwa pa intaneti, koma mtima wa mafunso ake ndi womwewo.

Funso la makolo limaoneka lapafupi. Ngati atate kapena amayi anamwalira, pafunika umboni wolembedwa. Koma ndi angati a ife amene tinaika maliro kumudzi ndi kukumbuka zokatenga chikalata cha imfa? Pa maliro timaganiza za bokosi, za galimoto ndi za ufa, ndipo zaka khumi zikapita ndi mwana wamasiye amene amavutika kufunafuna pepala. Imfa yochitikira m'chipatala imalembedwa komweko. Yochitikira kunyumba imayamba ndi umboni wa mfumu ya m'mudzi, ndipo kuchokera apo nkhani imapita ku ofesi ya kalembera. Apa Mzuzu ali ndi vuto lakelake. Mzinda uno unamera pa minda ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, ndipo unalandira ulemu wa kukhala mzinda mu 1985. Ambiri okhala muno midzi yathu ili ku Chitipa, ku Karonga, ku Rumphi, ku Nkhata Bay kapena kutali m'kati mwa Mzimba. Mfumu imene ikudziŵa manda a atate ili ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ulendowo umafuna ndalama zimene banjalo likusoŵa kale. Nkwabwino kuuyenda pa nthaŵi ya tchuthi, mwana akadali ku Fomu 4.

Nanga mwana amene atate ake ali moyo koma anapita ku Joni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, osatumiza ngakhale kalata? M'boma la Mzimba mabanja otere ndi ambiri. Pa pepala mwanayo ali ndi makolo onse aŵiri, pamene m'nyumba muli amayi okha, ogulitsa tomato pamsika. Pali wina amene akuleredwa ndi atate aang'ono ogwira ntchito m'Boma, ndipo fomu ikamva za malipiro a pamwezi imaona ngati mwanayo ali pabwino, osadziŵa kuti malipirowo akudyetsa anthu khumi ndi mmodzi. Mabokosi a pa fomu sanapangidwe molingana ndi mabanja athu, ndipo pamenepa, monga tikuonera ife, ndi pamene ana osoŵadi amagwera. Choyenera ndi kuyankha zoona m'bokosimo, ndi kuperekeza yankholo ndi kalata yofotokoza zonse, yochokera kwa anthu oidziŵa nyumbayo: mfumu, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwana anaphunzirako, kapena abusa. Kalatayo itchule zinthu zogwirika. Kungolemba kuti "banjali ndi losauka" sikuthandiza, pakuti makalata onse amatero. Ilembe kuti atate anachoka chaka chakuti, amayi amapeza pafupifupi zakuti pamwezi, m'nyumba muli ana angati ndipo a pa sukulu ndi angati.

Funso la sukulu zimene mwana anaphunzirako lili ndi nzeru yake. Bungwe silingathe kuloŵa m'nyumba iliyonse kukaona nkhokwe, koma lingathe kuona fizi imene banja linakwanitsa kwa zaka zinayi. Mwana wochokera ku sukulu yoyendera ya m'dera, monga Chibavi, amaoneka mosiyana ndi wochokera ku sukulu yodula yogonera komweko. Kaŵirikaŵiri muyeso umenewu umanena zoona, koma umalakwira ana ena. Alipo amene anaphunzira sukulu yodula chifukwa mpingo, bungwe lachifundo kapena munthu wina wakufuna kwabwino anaŵalipirira. Alipo amene anaphunzira zaka zinayi ku sukulu yoyendera, nakabwereza Fomu 4 yokha ku sukulu yolipira, banja litagulitsa njinga ndi mbuzi. Otereŵa apeze kalata yochokera kwa amene analipira, ndipo malisiti akale asatayidwe. Amayi a Umanyano ndi magulu ena a mumpingo amene amalipirira ana fizi achite bwino kusunga buku, pakuti tsiku lina bukulo lidzakhala mboni ya mwanayo.

Pali funso limene kuno kumpoto limatidzidzimutsa: boma la kwanu, mfumu yaikulu ndi mudzi. Sitinaiŵale ndondomeko ya kota, yosankha ophunzira potsata maboma, imene inabweranso mu 2009, imene Sinodi ya Livingstonia inaitsutsa poyera, ndipo Boma linaithetsa mu 2020. Chifukwa cha chikumbumtima chimenechi makolo ena amauza mwana kuti alembe boma lina. Uphungu umenewu ndi woononga. Lamulo la ngongole limayang'ana kusoŵa kwa wophunzira, ndipo mudzi umathandiza kuti zonena zake zitsimikizike ndi kuti wokongolayo adzapezeke pa nthaŵi yobweza. Mwana akalemba mudzi umene mfumu yake simudziŵa, wadzichotsera yekha mboni.

Tinene mosabisa za yesero limene lilipo. Popeza zimadziŵika kuti amasiye amaganiziridwa, pali mabanja amene amapha makolo pa pepala, atate ali chikhalire pakhonde. Ena amasandutsa mwini sitolo kukhala mlimi wa khasu. Ndipo popeza pafunika mboni, amafika kwa mkulu wa mpingo kapena kwa abusa ndi mawu akuti, "Bambo, mungosaina apa, mwana apite ku sukulu." Kukana munthu amene mumakhala naye pa benchi limodzi Sabata lililonse ndi chinthu choŵaŵa. Koma fomu imachenjeza kuti wonama adzachotsedwa, ndipo bodza likadziŵika pakati pa maphunziro, mwana ndi amene amatsala panjira. Kuwonjezera apo, thumba ndi limodzi. Ndalama imene yapita kwa mwana wa mwini sitolo yachoka kwa mwana wa amayi a tomato aja, amene mwina amapemphera mumpingo womwewo. Ndiponso siginecha ya mbusa ili ndi mphamvu chifukwa anthu amaikhulupirira. Ikapezeka pa mabodza aŵiri kapena atatu, kalata zoona za abusa onse zimapepuka. Mkulu wa mpingo angathe kukana kusaina bodza, koma nadzipereka kulemba kalata yofotokoza mavuto enieni a banjalo, pakuti ngakhale mwini sitolo amakhala ndi ngongole ndi odwala.

Achinyamata, fomuyi dzazani nokha, makolo ali pambali panu. Ambiri amapita m'malo ogulitsa intaneti m'tauni ndi kusiyira mnyamata wa pa kompyuta kuti ayankhe mmene akuonera, iye akuthamangira kasitomala wina. Nambala ya foni ikhale yanu, mawu achinsinsi oloŵera muŵasunge nokha, ndipo lisiti ya ndalama yolipirira fomu muijambule, podziŵa kuti ndalamayo sibwezedwa ngakhale mutakanidwa. Pempho limachitika chaka chilichonse cha maphunziro, kotero zikalata zonse zikhale mu envulopu imodzi. Wokanidwa ali ndi mwayi wodandaula, ndipo dandaulo lokhala ndi umboni watsopano limamveka kuposa longobwereza kulira.

Wopatsidwa amasaina pangano. Ndalama ya fizi imapita ku sukulu, ya chakudya ndi malo ogona imaloŵa ku akaunti ya wophunzira, ndipo zonsezi zimalembedwa pa dzina lake. Kubweza kumayamba pakatha zaka ziŵiri chimalizireni maphunziro, ndipo olemba ntchito amalamulidwa kudula pa malipiro a wokongola. Bungweli likutolerabe ngongole za amene anakongola kuyambira 1985, ndipo ena a iwo lero ndi makolo amene akudzaza fomu yomweyi pamodzi ndi ana awo.