Gasiketi yolakwika imapha injini za galimoto zampikisano

JOHANNESBURG — Injini za galimoto zothamanga pabwalo la Kyalami, komanso za BMW 325i zotchedwa gusheshe ku Soweto, zimatentha kwambiri. Gasiketi ya pakati pa hedi ndi buloko ndiyo imatchinga kuti mpweya woyaka, madzi ndi oyilo zisasakanikirane.

Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, pomwe mpweya ndi wopepuka, choncho ena amawonjezera mphamvu ndi turbo. Injini yotere imafuna gasiketi ya zitsulo zosanjikiza, yotchedwa MLS, yochindikala moyenera, pakuti yopyapyala imakweza kompulesheni.

Poika, hedi iyenera kukhala yosalala ndi yosapindika. Mabawuti atsopano amamangidwa pa mlingo wake, kuyambira apakati kunka kumbali. Gasiketi ikapsa, galimoto imafuka utsi woyera, oyilo n'kumaoneka ngati mkaka.