Bedi lothyoka lisathere pamoto, likhale nazale

Chimene chimapha mbande zambiri m'madimba a ku Mulanje si chilala ayi, koma madzi. Phiri limakoka mvula, ndipo ikaleka, chiperoni cha June ndi July chimadzanyowetsanso pomwe panayamba kuuma. Mbande za tomato, kabichi kapena repu zikakhalitsa m'dothi lodikha madzi, matenda a m'nthaka amavunditsa tsinde pamalo pomwe lakhudza dothi, mbande n'kugwa ngati zametedwa ndi lumo. Mlimi amadandaula kuti anamugulitsa mbewu yabodza, chonsecho vuto lili pansi. Mankhwala amene ife alangizi timayamba nawo ndi kukweza nazale kuti madzi azitsika okha, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti bedi lothyoka, tebulo lopanda mwendo ndi madirowa a kabati yakale ndi zida zaulimi.

Palibe chovuta apa. Boolani mabowo pansi pa dirowa, isanjikeni pa matabwa a bedi, thiranimo dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino ndi mchenga wakumtsinje, lakuya masentimita 10 mpaka 15. Kuyako n'kokwanira chifukwa mbande zimakhalamo milungu 4 mpaka 6 basi, kenako muziwokera. Musayembekezere kuthyola tomato m'dirowamo. M'boma lino, momwe minda ya tiyi inatenga malo aakulu ndipo mabanja ambiri ali ndi kamunda kochepa, nazale yokwana pakhonde ndi yaphindu. Mvula ikakula mumainyamula n'kuiusa, chimene simungachite ndi nazale yapansi.

Wina anena kuti chiswe chidya zonsezi chaka chisanathe. Ngati ndi paini, n'zoona ndithu, ngakhale kuika miyendo pamiyala n'kumasesa tinjira ta chiswe kumachedwetsa. Koma mipando yakale yambiri ndi ya mlombwa, ina ya mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mitengo imene chiswe sichiikonda. Mkungudzawo, womwe ndi mtengo wa dziko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa chodulidwa, choncho thabwa lake lakale kuliponya pamoto n'kuwononga chinthu chosowa. Chimene ndimakaniza ndi chizolowezi chopaka oyilo wakuda wa galimoto pothamangitsa chiswe. Oyiloyo amalowa m'dothi, ndipo dothilo ndi lomwe mudzaliwokere m'dimba limodzi ndi mbande.

Funso limene ndimalilemekeza kwambiri ndi la penti. Penti wamafuta wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, umene suwola m'nthaka ndipo umawononga ubongo wa ana aang'ono. Ndiye thabwa lopentedwa lisakhudzane ndi dothi: likhale mwendo kapena denga la mthunzi, osalipala pafupi ndi ndiwo. Wofuna nkhuni adziwenso kuti utsi wa thabwa lotere si woti mayi aziupuma kukhitchini. Makabati amakono a utuchi wopanikizidwa ndi guluu asiyeni, amafufuma ndi mvula yoyamba n'kuphwasuka.

Musanawaze mpando uliwonse, yang'anani kaye kuti ndi wa mtengo wanji ndipo anaupaka chiyani. Ngati ndi thabwa lenileni losapentedwa, lipititseni ku dimba.