Mwana Akayamba Kuopa Mphunzitsi

M'midzi ina, makolo ena amaleketsa sukulu mwana wa sitandade 1 kapena 2 chifukwa cha mphunzitsi waukali, n'kunena kuti azimuphunzitsa okha pakhomo. Mantha a mwanayo ndi enieni. Wamng'ono amene amazazidwa kapena kukwapulidwa akalakwitsa amasiya kufunsa mafunso, amadodoma powerenga, ndipo kukacha amayamba kudandaula m'mimba.

Ukaliwo uli ndi gwero lake. Chiyambire maphunziro aulere m'chaka cha 1994, makalasi a ana aang'ono adadzaza, mwakuti pena mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi ana oposa 100. Komabe malamulo a Unduna wa Zamaphunziro salola kumenya wophunzira.

Kuphunzitsa pakhomo nako n'kovuta. Mabuku ali kusukulu, ndipo dzinja likafika kholo limaswera kumunda, mwana n'kusanduka mbusa wa mbuzi. Lamulo la maphunziro la 2013 limatinso pulayimale ndi yokakamiza.

Kholo lodandaula liyambe laonana ndi mphunzitsi wamkulu, kenako komiti ya sukulu kapena gulu la amayi. Zikakanika, nkhaniyo ipite kwa mlangizi wa maphunziro ku TDC. Nambala yaulere ya 116 imalandiranso madandaulo a nkhanza kwa ana.