Madzi a pa Mjigo ndi Thukuta la Mmisiri

Mphunzitsi wina wa kuno ku Mongue anandibweretsera kompyuta yake itafooka ndi mavairasi, ndipo nditaikamo Ubuntu ndi LibreOffice, nditapulumutsanso mayina ndi malikisi a ophunzira ake onse, anandiyang'ana modabwa pamene ndinatchula mtengo, nati, "Kodi bambo, si inu munanena kuti mapulogalamu amenewa ngaulere?" Funso limeneli ndalimva kawirikawiri pa zaka zanga zokonza makompyuta m'boma lino la Milange, ndipo popeza safunsa anadya phula, wofunsayo ayenera kuyankhidwa mwaulemu ndi mosabisa.

Chisokonezo chonse chagona pa mawu. Angerezi ali ndi liwu limodzi, free, lonena zinthu ziwiri, koma Chipwitikizi chisiyanitsa livre ndi grátis, monga momwe ife tisiyanitsira ufulu ndi ulere. Pamene Richard Stallman anayamba ntchito ya GNU mu 1983, nakhazikitsa Free Software Foundation mu 1985, chimene ankamenyera ndicho ufulu wa mitundu inayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu monga munthu afunira, kuiphunzira m'kati mwake ndi kuisintha, kugawira anzake, ndiponso kugawa zimene wasinthazo. Chilolezo cha GPL, chimene chinatuluka mu 1989 ndipo Linus Torvalds anaikapo Linux mu 1992, sichiletsa malonda konse. Stallman mwini wake ankagulitsa matepi a pulogalamu ya Emacs pa madola 150. Chimene chilolezocho chikaniza ndicho kumana mnzako ufulu umene iwe unaulandira kwa ena.

Taganizani za mjigo wa pamudzi panu. Madzi ake sagulitsidwa, pakuti palibe anawalenga koma Chauta. Komabe tsiku limene mphira zatha, mpope nungolira osatulutsa kanthu, komiti iitana mmisiri, amene apalasa njinga mtunda wautali atanyamula masipanala, nazula mapaipi onse dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe mayi wotunga amene anganene kuti munthuyo apite chimanjamanja chifukwa madzi ngaulere. Ndalama imene mudzi usonkha ndi ya luso ndi thukuta lake. Chomwechonso ine: Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, ndiipereka popanda khobiri, ndipo aliyense wobwera ndi fulashi angathe kukopera napita, koma maola amene nditaya posamutsa mafayilo, kugwirizanitsa makina osindikizira ndi kuphunzitsa mwini wake, ndiwo khasu langa limene lidyetsa ana anga.

Njira imeneyi ndi yodziwika pa dziko lonse. Kampani ya Red Hat, imene inalemera pothandiza mabungwe ogwiritsa ntchito Linux, inagulidwa ndi IBM mu 2019 pa madola mabiliyoni 34. Pulogalamu ya DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo, imene maunduna a zaumoyo a Mozambique ndi Malawi asonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, ilibe chilolezo cholipira, koma akatswiri oisamalira alandira malipiro awo mwezi ndi mwezi.

Tsono tchimo lili pati? Ndinene poyera za ife amisiri, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Achimwa iye amene auza mlimi wosadziwa kuti pulogalamuyo ili ndi laisensi yolipira chaka ndi chaka, pamene laisensi yotero kulibe. Achimwa iye amene atseka kompyuta ya mwini ndi mawu achinsinsi odziwa yekha, kuti mwiniyo azibwerera kwa iye monga kapolo kwa mbuye wake. Ameneyo afanana ndi mmisiri wochotsa chogwirira cha mjigo nakachisunga kunyumba kwake. Achimwanso iye amene aika mapulogalamu akuba, odzala ndi mavairasi, nawatcha aulere. Anthu osawadziwa anatipatsa ntchito ya manja awo pokhulupirira kuti kupatsa nkuika, ndipo sikuyenera kuti ife tisandutse mphatsoyo msampha.

Chifukwa chake, owerenga anga olemekezeka, mukapita kwa mmisiri, mufunseni kuti akuuzeni padera mtengo wa pulogalamu ndi mtengo wa ntchito yake. Mulandire mawu anu achinsinsi m'manja mwanu, mutengenso kope la pulogalamuyo kuti mukagawire mnansi wanu. Akakuchitirani zimenezi mokhulupirika, mulipireni mokondwa ndi mosachedwa.